Tsiku Limene Mphakati Unapita ku Yunivesite

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinaulula chinsinsi cha bambo anga m'pemphero, anthu onse akumva. Tinkakhala ku Edmonton, kumpoto kwa London, m'kanyumba kam'mwamba kamene mazenera ake ankanjenjemera sitima ikamadutsa. Amayi anali namwino pachipatala chachikulu cha kumeneko. Bambo anali mphunzitsi wa Chitaliyana pa yunivesite ina kutsidya la mtsinje, ntchito imene anthu akwathu sankaimvetsa ngakhale pang'ono.

Sindikuwaimba mlandu. Amalawi onse amene tinkadziwana nawo anali anamwino kapena osamalira okalamba, ntchito zoti aliyense amaona mutu wake. Tsono apa panali munthu wa ku Balaka amene ankalawirira ndi chikwama cha mabuku kukaphunzitsa ana a azungu chilankhulo cha azungu anzawo. Bambo anayamba kuchimva kwa ansembe a ku Italy pamishoni ya kwawo. Ansembewo anawatumiza ku Italy komweko kuti akaphunzire unsembe, koma iwo anakagwa m'chikondi ndi mabuku, ndipo atabwera kutchuthi anagwanso m'chikondi ndi amayi. Unsembe unathera pomwepo. Pamphakati, kagulu kathu ka Akatolika a Chimalawi kamene kankakumana Lamulungu masana m'nyumba za anthu mosinthana, ankawaseka kuti ndi "a Papa a ku Balaka." Iwo ankaseka nawo mwachiphamaso, kenako n'kukakhala pakona.

Chimene anthuwo sankadziwa n'chakuti ntchito ya bambo inali ya chaka ndi chaka. Chaka chikamatha ankadikira kumva ngati awalembanso, ndipo zonse zinkadalira kuchuluka kwa ana ofuna Chitaliyana. Chaka chimenecho anawo anachepa kwambiri. Akuluakulu a yunivesite ananena mosabisa kuti akachepanso, maphunzirowo atsekedwa. Panali Loweruka lina limene yunivesite inkatsegulira zitseko ana a sekondale ndi makolo awo kuti adzalawe maphunziro osiyanasiyana asanasankhe, ndipo bambo anayenera kukaphunzitsa phunziro limodzi lachitsanzo m'holo ya pa yunivesitepo.

Ndinazimva ndili patebulo la kukhitchini, ndikunamizira kulemba masamu. Amayi anali atangofika kuchokera ku ntchito, nsapato ali nazo m'manja.

"Holo ija ikakhala yopanda anthu Loweruka, basi kwatha," anatero bambo.

"Kukatha kwatha, bambo a Tamanda," anayankha amayi motopa. "Anti Chirwa anena kale kuti ku care home kwawo, kosamalira okalamba kuja, akufuna anthu. Mabuku sitidya."

Bambo anangogwedeza mutu, n'kupempha chinthu chimodzi chokha, kuti nkhaniyi isatuluke m'nyumba. Amayi sanali munthu wouma mtima ayi. Anali wotopa, komanso anali asanawaonepo amuna awo akuphunzitsa. Masiku a sukulu iwo amakhala ali m'wodi, ndipo bambo, ndi manyazi awo aja, sanawaitanepo.

Ine nkhaniyi inandikhala pamtima sabata yonse. Ndinkawakonda bambo ndi chikwama chawo chothethekacho, ndipo sindinkatha kuwaona m'maganizo mwanga opanda icho. Lamulungu mphakati unakumana ku Peckham, kunyumba kwa Anti Chirwa, mayi wamphamvu zake amene ankayang'anira antchito kunyumba ina ya okalamba, ndipo ankayang'aniranso tonsefe popanda womupempha. Bambo anatsala kunyumba kukonza phunziro lawo. Itafika nthawi yoti aliyense apereke chopempherera, ine amene ndinkayankha chilichonse m'Chingerezi ndinatola Chichewa changa chopunduka n'kutsegula pakamwa.

"Ambuye, please mudzaze holo ya adadi Saturday, chifukwa ikakhala empty ntchito yawo itha."

Anthu anayang'anana. Kenako anthu anayankha "Timvereni Ambuye" mokweza kuposa masiku onse, uku amayi akunditsina pantchafu mpaka misozi kulengeza. Pemphero lomaliza litangotha, Anti Chirwa anatembenukira kwa amayi.

"Mayi a Tamanda, holo yake ili kuti?"

Amayi anayesa kufotokoza kuti nkhani yake siyophweka chomwecho, koma ndani akanawamvera?

"Aa, vuto lake ndi limeneli basi? Kudzaza holo? Ife timadzaza tchalitchi pamaliro a munthu woti sitinamuonepo n'komwe, ndiye tilephere a Papa athu ali moyo? Aliyense asinthane shifiti ndi mnzake."

Kwathu munthu akakhala pavuto, anthu amapita kukakhala naye, ndipo sapita chimanjamanja. Ndi zomwe anachita. Loweruka lija amayi nawonso anasinthana shifiti, osati kuti akamve Chitaliyana, koma kuti akaletse anzawo kuchita zochititsa manyazi. Bambo sanauzidwe kanthu, anatsogola okha m'mawa. Ife tinakumana pasiteshoni ina pafupi ndi mtsinje, kamphepo kozizira kakulowa mpaka m'mafupa. Azimayi anamanga zitenje za mphakati pamwamba pa majasi, mipango kumutu, makontena a mandasi ndi nkhuku yokazinga m'manja. Amuna ochepa amene anabwera anavala masuti a paukwati. Tinalowa m'holo muja fungo la mandasi lili patsogolo, ndipo tinadzaza mipando kuyambira kutsogolo. Ana enieni a sekondale, amene phunzirolo linakonzedwera, anali ochepa oti sakanadzaza mzere umodzi. Anakhala kumbuyo, maso ali tong'o.

Bambo atalowa anaima pakhomo. Anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Anayang'ana Anti Chirwa, anayang'ana amayi, kenako maso awo anandipeza ine, ndipo ndinalakalaka pansi patang'ambika. Ndinkaganiza kuti abwerera. Koma anayika chikwama patebulo, n'kupuma kamodzi, n'kuyamba.

Munthu amene anayamba kulankhulayo ine sindinkamudziwa. Bambo anga a pakona aja, olankhula ngati akupepesa, mawu awo anadzaza holo yonse popanda chimkuzamawu. Chitaliyana chinkatuluka ngati nyimbo, manja akuvina nacho, kenako n'kumasulira m'Chingerezi, n'kuponyamo nthabwala mpaka ana akumbuyo aja kuyamba kuseka. Sanaphunzitse za nyumba zakale kapena zakudya zotchuka monga ndinkayembekezera. Anaonetsa pakhoma zithunzi zakale za midzi yosauka ya kum'mwera kwa Italy: azimayi ovala zakuda ataima pakhomo, ana opanda nsapato, mudzi wopanda amuna. Anati amunawo anakwera sitima kupita kumigodi ya mayiko ena, ena anabwera ku London komwe kuno, ndipo ambiri sanabwererenso.

"Ngati ku Joni!" anakuwa Anti Chirwa, ataiwala kuti ali pa yunivesite.

"Ndithu, mayi, ngati ku Joni," anayankha bambo m'Chichewa. Kenako anawafotokozera ana aja za matchona a kwathu, amuna amene anapita kumigodi ya ku South Africa n'kukakalambira komweko. Anamaliza ndi nyimbo yakale ya m'midzi imeneyo, ya mayi amene mwana wake wakwera sitima ya pamadzi. Anaiwerenga pang'onopang'ono m'Chitaliyana, ndipo asanayambe n'kumasulira komwe ndinamva amayi akufwenthera pambali panga. Iwonso anasiya mayi awo ku Ntcheu, ataima pamsewu basi ikunyamuka. Analira osabisa nkhope, maso ali pa amuna awo.

Phunziro litatha, nthungululu zinalira mpaka mlonda anathamangira m'holomo kudzaona chimene chachitika. Anatuluka ndi mandasi m'manja. Ana a sekondale aja nawonso anadya, wina mpaka anafunsa bambo mafunso ambirimbiri. Ine mtima unali m'malo, ndikuti ntchito yapulumuka.

Koma pakhomo panaima mayi wina wachizungu, mkulu wa bambo pantchito. Anti Chirwa anamugwira dzanja ndi manja awiri n'kumufunsa ngati waona mmene holo yadzazira. Mayiyo anamwetulira, anathokoza kwambiri, kenako anafotokoza mwaulemu kuti yunivesite siwerenga anthu obwera kudzamvera, imawerenga ana olembetsa kuti aphunzire zaka zonse za digiri.

"Ndiye mutilembe ifeyo," anatero Anti Chirwa.

Palibe anaseka. Tonse tinazindikira nthawi imodzi kuti tavutika ulendo wonsewu kudzaza holo imene kudzaza kwake kunalibe ntchito. Azimayi anatola makontena awo mwakachetechete.

M'sitima pobwerera ndinkadikira chilango. Bambo anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Tamanda, za m'nyumba sitilengeza pagulu." Kenako anandisisita kumutu.

Chaka cha sukulu chitatha, maphunziro a Chitaliyana anatsekedwadi pa yunivesite ija. Bambo anabwera ndi mabuku awo m'makatoni, n'kuwaunjika m'khonde momwe tinkapunthwa nawo tsiku lililonse. Pasanapite nthawi Anti Chirwa anafika kunyumba Lamulungu lina ndi uthenga wabwino, woti malo apezeka kunyumba ya okalamba ija, bambo akayambe mawa lake. Anachita izi mwachikondi, ndipo bambo anawomba m'manja kuthokoza. Ndikukumbukira mmene anaweramitsira mutu, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandipweteka.

Amayi anatuluka kukhitchini akupukuta manja pachitenje.

"Zikomo kwambiri, Anti, koma awa sabwera."

"Mayi a Tamanda, si paja munanena nokha kuti..."

"Ndinanena ndisanaone. Ntchito yathuyi ndi yabwino, ine ndimainyadira, koma si ya awa. Ndakhala nawo m'nyumba zaka zonsezi osadziwa kuti ndinakwatiwa ndi ndani. Mashifiti ndiwonjezera ine."

Bambo anatsegula pakamwa kuti atsutse, koma amayi anawadula. "Khalani chete, aphunzitsi."

Zimene zinatsatira sizinali zokoma, ndipo sindikufuna kuzikometsera. Bambo anakhala zaka zambiri akuphunzitsa pang'ono uku pang'ono uko, m'mawa pa yunivesite ina, masana pa ina, madzulo kalasi ya anthu akuluakulu okonzekera kukacheza ku Italy. Ankakonza mayeso a ana m'sitima, chikwama chili pamaondo. Nthawi ya tchuthi kunalibe ntchito. Amayi ankagwira Loweruka, Lamulungu, Khirisimasi, ndipo masiku ena ankakangana ndi bambo mpaka ine kutseka chitseko cha kuchipinda kwanga. Koma sindinawamvepo ngakhale kamodzi akutchulanso za kusiya kuphunzitsa. Ntchito yokhazikika inabwera ine nditamaliza kale sekondale, bambo imvi zili mbuu.

Pano ndine wamkulu, ndipo ndimakumana ndi anthu ambiri amene amawatama bambo kuti anapirira, anakakamira chimene amakonda mpaka chinatheka. N'zoona, anapirira. Koma ndikumvetsa tsopano kuti ntchito zoterezi, zimene dziko silizifuna kwenikweni, munthu sazisenza yekha. Kumbuyo kwake kumakhala wina amene anaona ndi maso ake n'kuvomera kulipira ndi thupi lake, ndipo ameneyo satchulidwa pamwambo uliwonse.

Bambo atapatsidwa ofesi yawoyawo, tinapita ndi amayi kukaiona. Inali m'mwamba, ndipo tinadikira chikepe nthawi yaitali chifukwa maondo a amayi anali atatheratu m'mawodi, masitepe sankawathanso. Titafika anaima pachitseko, atatsamira ndodo yawo, n'kuwerenga dzina la bambo limene linalembedwa pamenepo. Analisisita ndi chala ngati akuchotsa fumbi.

Ndinawanong'oneza kuti akanayenera kulembapo ndi lawo lomwe. Amayi anandiyang'ana ngati ndanena zachibwana.

"Usasokose," anatero. "Mwina akuphunzitsa."