Chithunzi cha Atate Ali Chiimire

Lero mabuleki a minibasi anunkha chopserera pa Silverest, ndiye ndakumbukira basi imene inatifera m'mapiri, titangopitirira Chongwe. Tinkaperekeza atate kumudzi, matenda atakula. Ine, mutu waukulu nzeru zochepa, ndinkangokondwera ndi ulendo.

M'basimo munali wojambula zithunzi. Titatsika, atate anamuitana: "Nijambuleni nili chiimire, ana azinikumbukira tero."

Miyendo inkawanjenjemera. Amayi anaima kumbuyo kwawo n'kuwagwira lamba mobisa.

"Amake mwana, dzanja lisaoneke," anatero atate.

"Silioneka. Yang'anani kutsogolo."

Ine ndinaima pambali pawo n'kutukumula chifuwa ngati msilikali. Wojambula akuwerenga mpaka katatu kuti ajambule, ndinamva atate akutsamira phewa langa, opepuka ngati mtolo wa mapesi, akunong'ona: "Limba, mwana wanga, usasunthe."