Kalata ya m'kofia

Ndiyambe ndi kuulula, poti ndevu zinayera kale ndipo palibe wondikwapula. Ine ndinkakhulupirira kuti magazi a munthu ali ngati chitsime cha m'dambo: ukangochitseka kamodzi, madzi amakwiya n'kusamukira kwina, osabweranso. Ndinkazinena zimenezi pa msika wa thonje, pa maliro, ngakhale pakhonde la mzikiti, anthu n'kumagwedeza mitu chifukwa pakamwa panga m'pokoma. Sukulu ndinalekezera sitandade folo. Ndimauza ana kuti fizi inasowa, koma zoona zake n'zakuti tsiku lina kunabwera anthu a katemera, ine nditaona singano ndinatulukira pawindo, ndipo mpaka lero aphunzitsi aja akundidikirabe.

Ndimakhala kwa akazi anga kufupi ndi Ulongwe, koma mbumba yanga ili kwa Nsamala. Mlongo wanga atamwalira anasiya mwana wamkazi, ndipo mwanayo ali ndi wake, mtsikana wochenjera m'maso. Monga timachitira agogo, ndinkamutcha mkazi wanga wamng'ono, iye n'kumayankha kuti sangakwatiwe ndi munthu wotafuna chimanga ndi nkhama. Atafika zaka khumi ndi ziwiri msana wake unayamba kukhota. Phewa lakumanja linakwera, nthiti zinatukuka kumbuyo, diresi n'kumalendewera mbali imodzi. Ine ndi pakamwa pangapa ndinkati watengera mpini wa khasu langa. Poyamba ankaseka. Kenako anasiya kuseka, koma ine sindinasiye kunena.

Mayi ake anayenda naye m'zipatala mpaka anapatsidwa kalata ya tsiku la opaleshoni ku Blantyre. Kwathu kuno mwana sapita pa mpeni mwinimbumba asanavomere, choncho anandiitana kuti ndikamve ndekha kuchipatala cha paboma. Dokotala wa mafupa, bambo wodekha, anatifotokozera kuti adzatsegula msana n'kuuwongola ndi tizitsulo. Anati ntchitoyo imatenga maola ambiri ndipo magazi amatayika ochuluka, n'chifukwa chake amathira mankhwala ena mu diripi othandiza kuti magazi akaundana pabala asasungunuke msanga, kuti otayika achepe. Anawonjezera kuti ngakhale zili choncho, achibale awiri kapena atatu apereke magazi oti akhale podikira. Ponena zimenezi anayang'ana kumene ndinakhala ine. Mwina ankayang'ana kalendala ya pakhoma kumbuyo kwanga, koma ine ndinakumbukira singano ya katemera ija.

Nzeru inandibwerera mu minibasi. Pofika pa Ulongwe inali itakhwima. Tikutsika, pakati pa ogulitsa tomato ndi akabaza, ndinamuuza mwana wa mlongo wanga, amene amanditcha ajomba, ndiye kuti amalume, kuti mankhwala otseka magazi sangasankhe poti atseke. Mtsikanayu sanathe msinkhu. Akamutseka lero, mwezi sadzauona n'komwe, ndipo mbumba yathu idzathera pa iye. Ndinamufunsa ngati akufuna mwana wowongoka ngati bango koma wouma. Mayiyo analira. Anati, "Ajomba, adokotala sananene choncho." Ndinayankha kuti dokotala sanena zonse, ndipo ndinamulanda kalata ija kuti ndikaisunge bwino.

Ndinaipinda kanayi n'kuilowetsa mu mpendero wa kofia yanga, chisoti chimene sindivula pagulu. Tsiku la opaleshoni linafika, linadutsa. A chipatala anaimba foni, mayi ake anayankha kuti eni mbumba akana. Ine ndinkayenda ndi kalatayo pamutu, kupita nayo ku mapemphero a Ijumaa, kugwada nayo, kuwerama nayo, thukuta likuidya pang'onopang'ono. Ndipo musaganize kuti ndinkadziona wabodza, iyayi. Bodza ukalinena katatu pamaso pa anthu limakhala mlendo wodziwa pogona. Za singano ndinaziiwala dala. Ndinkadzimva ngati munthu wopulumutsa mtundu.

Miyezi isanu ndi iwiri inapita. Telala anasokanso yunifolomu ya mtsikana uja kawiri. Mwanayo anayamba kupuma mwabefu akasenza ndowa, ndipo pa benchi ya kusukulu sankatha kukhala mpaka belu. Ndikapita kwa Nsamala ankandigwadira, kundilandira njinga, kundipatsa madzi. Koma za mwamuna wopanda mano sanazitchulenso.

Amene anagwetsa nyumba yanga ya nzeru ndi akazi anga. Iwo salankhula kawirikawiri. Amasunga mawu ngati mbewu. Tsiku lina anandiuza kuti ndiwaperekeze kuchipatala chathu chaching'ono, ati bondo likuwawa. Titafika, bondo linachira lokha. Anandikokera kwa nesi wa azimayi oyembekezera, mayi wachikulire amene anabereketsa theka la mudzi wathu, n'kumufunsa pamaso panga kuti mwana wathu wamkazi atataya magazi kwambiri pobereka mwana wake woyamba, anamubaya chiyani. Nesiyo anatsegula kabati, natulutsa kabotolo kakang'ono ngati chala. Anati ndi kameneka. Akazi anga anafunsanso ngati ndi kamene amathira pa opaleshoni ya msana. Anati ndi komweko, ndipo ntchito yake imatha m'thupi pasanathe masiku. Sikakhudza mwezi wa mtsogolo, sikakhudza chiberekero.

"Ndiye mwana wanu uja ali ndi angati tsopano?" anafunsa nesiyo.

"Atatu," anayankha akazi anga. "Awiri omalizawo ndi amene amawathera abambowa mtedza m'thumba."

Ndinayesa kuseka, koma palibe anandithandiza. Tinabwerera ndikukankha njinga, iwo patsogolo, ine m'mbuyo ngati mbuzi yogulidwa.

M'mawa mwake ndinapalasa kupita kwa Nsamala. Ndinakonza mawu m'njira, akuti ndafufuza bwino ndipo tsopano ndavomera. Nditakhala pampasa ndinayamba kunena kuti kalata ija mwina inasowa, tikapemphe ina. Mtsikana uja anali atatsamira chipupa chammbali, poti chagada sankatha. Anati, "Agogo, ili m'chisoti. Mukamawerama posamba m'manja ngodya yake imaoneka." Anali akuiona miyezi yonseyo. Sanauze mayi ake, sanandifunse, chifukwa mwana savula chisoti cha agogo ake. Ndinaitulutsa. Inali yofewa ngati tsamba lofutsa, inki itayenderera, tsiku lija losawerengeka n'komwe.

Tinadikira miyezi ina itatu kuti atipatse tsiku latsopano. Pa nthawi yopereka magazi ndinavala mkanjo woyera, ndinatsanzika akazi anga ngati wopita kunkhondo, ndinakhala woyamba pamzere. Mayi wolemba mayina anafunsa zaka zanga. Nditamuuza anaseka pang'ono, nati, "Agogo, a msinkhu wanu sititenga. Khalani apo musunge zikwama." Ndinafunsa ngati lamuloli ndi latsopano. Anati iyayi, ndi lakale. Ndiye kuti singano imene ndinaithawa chaka chathunthu sinkandifuna n'komwe. Anapereka mayi ake a mwana, mphunzitsi wake wina, ndi mkamwini wathu amene ndimamunena kuti ndi waulesi. Ine ndinasunga zikwama zitatu ndi ambulera.

Ku Blantyre sindinapite. Malo a womudikirira anali amodzi, a mayi ake. Anaimba madzulo kuti opaleshoni yatha, mankhwala aja anamuthira, ndipo pa magazi onse amene anasungidwa anangogwiritsa thumba limodzi. Anatinso dokotala wanena kuti msana unali utauma kuposa mmene anauonera chaka chatha, ndiye awongola pamene akanathera, koma phewa lidzatsala lokwera pang'ono. Dokotalayo sanatchule munthu. Mwana wa mlongo wanganso sanatchule munthu. Anangoti, "Ajomba, ndati ndikudziwitseni, poti ndinu eni ake."

Mtsikana uja atatuluka m'chipatala, tinapita ndi akazi anga kukamuona. Anatulukira pakhomo pang'onopang'ono, wamtali kuposa mmene ndinkamudziwira, mayi ake atamugwira mkono. Diresi linkagwa bwino, koma diso langa linathamangira paphewa, ndipo ndinaliona. Ndinafuna kunena kanthabwala, kuti tsopano mkazi wanga wanditalikira, ndidzafunika makwerero. Koma ndi iye amene anayamba. Anati wandikhululukira, chifukwa akudziwa kuti ndinkaopera ana ake a mtsogolo, ndipo si agogo onse amene amaganizira mdzukulu kutali choncho. Anthu amene anali pabwalo anavomereza. Wina anati mwinimbumba weniweni ndi wotere. Ine ndinalandira mawuwo ndi manja awiri ngati mbale ya ndiwo, ndinagwedeza mutu, ndinadya nkhuku imene anatiphera.

Tinafika kunyumba dzuwa litalowa. Ndinavula kofia n'kuikoloweka pa msomali, ndipo ndinayamba kunena kuti zonse zatha bwino, Mulungu ndi wamkulu. Akazi anga ankapukuta mapazi pa chiguduli, osandiyang'ana.

"Mwana uja akuyamika munthu amene kulibe," anatero. "Ine ndakhala nanu zaka zonsezi, ndikudziwa windo limene munatulukira. Mawa mupope njinga, mupite mukamuuze nokha kuti munkaopa jakisoni."