Chibangili cha Amayi ndi Chala cha Mwamuna Wanga

Mwamuna wanga woyamba ankavula chipewa akangoona fumbi la galimoto ya mzungu, galimotoyo isanaoneke n'komwe. Tinkakhala kufupi ndi boma la Lundazi, nkhondo yaikulu ija isanayambe. Ankadzitcha womasulira, koma palibe amene anamulemba ntchito imeneyo. Tsiku lonse ankazungulira maofesi atavala jekete lobwereka kwa mlamu wake, kudikira kuti wina amutume.

Chilimwe china kunabwera mzungu wamtali wosupuka mphuno ndi dzuwa. Ankajambula zinthu zakale za Angoni ndi Atumbuka: mikondo, zipeso, tizigubu ta fodya. Nkhope za anthu analibe nazo ntchito. Mwamuna wanga anamukakamira ngati nkhupakupa pakhutu la ng'ombe, mpaka anamuuza kuti kunyumba kwake kuli chibangili cha mnyanga wa njovu, cha agogo ake omwe anali ngwazi yankhondo.

Agogo akewo mudzi wonse unkawadziwa: anakalambira kubusa mbuzi za eni. Chibangilicho chinali changa. Amayi anachivula padzanja lawo n'kundiveka akudwala matenda omwe anawatenga, ndipo iwonso anachilandira kwa amayi awo ku Magodi. Chinali chachikasu ndi ukalamba, chili ndi kamng'alu mbali imodzi.

Ndinakana kuchivula. Iye analumbira kuti akangochijambula ndichivalanso pomwepo. Kenako anayenda nyumba ndi nyumba kulengeza kuti mzungu akubwera kudzamujambula iyeyo.

Mzunguyo anayala nsalu yotuwa pamphasa, n'kuika chibangili pakati, lula, kathabwa koyezera utali, pambali pake. Kamera yake ya miyendo itatu anaiweramitsa kuti iyang'ane pansi, ndipo anaikoka khosi mpaka linatalika ngati mvukuto. Ankalowa m'nsalu yakuda, kutuluka, kuyeza, kusendeza pang'ono, kulowanso. Khukhi wake, womuphikira chakudya, anatiuza m'Chitumbuka kuti bwana akufuna chithunzi chituluke chofanana ndendende ndi chinthucho kukula kwake, kuti anthu a kutsidya kwa nyanja akachiyeze papepala ngati achigwira m'manja.

Mphepo inkakupiza nsalu ija, lula n'kumasuntha. Mzungu anakodola mwamuna wanga kuti apanikize ndi chala. Mukanamuona munthu wamkulu atanjuta m'fumbi, chifuwa atatukula, akumwetulira mano onse pamtunda, pamene kamera ikuyang'ana pansi. Anthu kumpanda ankabisa nkhope m'nsalu.

Mzungu atatha, mwamuna wanga ananditumiza kunkhokwe kukatapa mtedza wopatsa alendo. Pobwera ndinapeza galimoto ikunyamuka, pamphasa palibe kanthu.

“Chibangili changa chili kuti?” ndinafunsa.

“Ndawapatsa bwana ngati mphatso,” anayankha akusasa fumbi pajekete. “Iwe sudziwa mmene ntchito imapezekera. Akandinenera kwa akuluakulu, uzivala zagolide.”

Mzunguyo sanapemphe n'komwe. Mnansi wathu amene anaona zonse anandiuza kuti anayamba wakana, koma mwamuna wanga anachita kumuikira m'thumba la malaya, akuwomba m'manja. M'mawa ndinabereka mwana wathu kumsana n'kupita kuboma, koma anandiuza kuti mlendoyo walawira kupita ku Chipata. Ndinabwerera osalira, chifukwa sindinafune kuti mwamuna wangayo aone misozi yanga n'kuyamba kundinyengerera.

Mvula itayamba, mtengamakalata anabweretsa envulopu yolimba. Mwamuna wanga anaitana anzake asanatsegule, nawakhazika pakhonde. Munali chithunzi chimodzi: chibangili changa, kamng'alu kake kakuoneka bwinobwino, lula pambali, ndi pakona chala chachikulu chokhala ndi chikhadabo chakuda. Munthu yense anathera pachalacho. Wina anafunsa kuti nanga jekete lili kuti, anzake n'kuphulika kuseka.

Manyazi analibe. Anandigwira mkono n'kuugoneka pachithunzipo pamaso pa anthu.

“Taona, n'chomwecho. Sichinachepe, sichinakule. Chakocho chikanasweka tsiku lina, koma ichi ndi cha kwa azungu.”

“Ndivekeni ndiye, bambo a mwana,” ndinatero.

Anangoseka, n'kuuza anzake kuti akazi samvetsa zinthu zamakono.

Ntchito ija sinabwere. Chithunzicho anachipachika pachipupa pamwamba pa khomo, ndipo mlendo aliyense ankamuonetsa chalacho, akumuuza kuti chinzake chili m'nyumba yaikulu ku Ulaya, kumene akuluakulu amachiyang'ana. Ine ndinkadutsa pansi pake polowa ndi potuluka, dzanja lili lopanda kanthu. Pamalo pamene chibangili chinkakhala panatsala mzere woyererako, umene unatenga nthawi kuti ude.

Sindinganene kuti ukwati unatha chifukwa cha chibangili chokha, pakuti zinalipo zina zambiri. Koma kuyambira pamenepo ndinkamupatsa chakudya monga mmene munthu amaponyera galu wa mnansi. Titakolola mtedza ndinatenga mwana ndi mphika wanga kubwerera kwa alongo anga ku Magodi. Ananditsatira kamodzi, jekete lija litang'ambika m'zigongono, ndipo alongo anga anamukhazika panja mpaka anatopa n'kupita yekha.