Munandisiya m'chidebe, bambo a Tadala

Bambo a Tadala, lero zakwana zaka zisanu chimwalirireni inu. Dzulo kuntchito ku Lewisham, kuno ku London, TV inaonetsa mgodi wakale wa m'phiri, zingwe zake zitachita dzimbiri, ndipo mkwiyo wanga unadzuka wonse.

Pamgodi munkagwira ntchito paja, chingwe chonyamula miyala chinalibe injini. Zidebe zake zikuluzikulu zodzaza zikamatsikira kuchigayo cha miyala, kulemera kwake ndi kumene kunkakokera zopanda kanthu kumtunda. Inu munkadziwa bwino zimenezi. Komabe munandikweza m'chidebe chopanda kanthu nthawi ya nkhomaliro itayandikira, ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Odzaza miyala atapita kukadya, chingwe chinaima. Ndinalendewera m'malere pakati pa nsanamira yachitatu ndi yachinayi ya chingwecho kwa mphindi makumi asanu, inu muli pansi kuseka ndi anzanu: "Mayi, onani dziko mwaulere!"

Tinakhala m'banja zaka makumi atatu ndi zinayi, koma "pepani" wanu sindinamumvepo. Ana akufuna kudzandiika pambali panu kumudzi. Ndawauza kawiri, ndipo ndikulemba pano kachitatu kuti pakhale umboni: adzandiike konkuno ku London.