Msana wa pakhoma

Mayi okalamba a m'kanjira ka kuseri kwa nyumba yachifumu akakhala pa benchi amangoti phee, mpaka nkhunda kuwatera pamwendo. Ndi luso limene analiphunzira ali mtsikana, sukulu ya m'chilimwe itangoyamba kulandira ana a ku Amereka odzaphunzira nyimbo ndi kujambula kuno ku France. Oimba ankapatsidwa zipinda zokhala ndi limba, ojambula ankapatsidwa mayiwo kuti aziwajambula. Ankavula, n'kuwafulatira, osagwedezeka ngakhale ntchentche iwalume.

"Nkhope sankaifuna," amatero mayiwo akakhuta vinyo. "Ati msana wangawu ndiwo umalankhula."

Chaka chatha sukuluyo inakonza phwando lokumbukira mbiri yake. Mayiwo anavala diresi la ku tchalitchi n'kupita. Pakhomo mlembi wa sukulu, Mayi Vasseur, anawatsekereza.

"Pepani agogo, lero ndi la aphunzitsi ndi ophunzira akale okha. Inu munali mbali iti?"

Agogowo anasuzumira m'holo. Khoma lonse linali msana wawo wokhawokha, ndipo pansi pa chithunzi chilichonse panali dzina la wojambula.

"Ndinali mbali yoyang'ana kukhoma, mwanawe."

"Ndiye mubwere Lolemba, aliyense adzaloledwa kudzaona."

Anatembenuka kuti azipita. Mkulu wina waimvi wa ku Amereka, amene anali atangowadutsa osawalonjera, anakuwa: "Taonani, ndi uja!"

Dzina loti awaitanire analibe. Mayiwo sanacheuke. Kusacheuka ndiyo ntchito imene sukuluyo inawaphunzitsa.