Kabudula wanga pa waya wa bwalo lakwathu

Usiku watha ndinalota zoti mpaka pano ndikuchita nazo manyazi, anzanga. Musayambe kuseka, ndimalize kaye.

Paja mukudziwa kuti eni timu yathu anaisamutsa ku Zomba n'kubwera nayo kuno ku Mzuzu. Loweruka likubwerali tikukasewera ku Zomba koyamba chisamukireni, pabwalo lomwe ndinakulirapo, koma tsopano ngati alendo. Ndipo mlonda wa pageti pamenepo ndi bambo anga ondibereka.

Ndiye ndinalota basi yathu yafika. Kochi anaimirira n'kunena kuti pageti pasadutse munthu, akwirirapo mankhwala, tilumphe mpanda monga timachitira tikakhala koyenda. Poti kaputeni ndine, ndinatsogola. Ndikakwera, mpanda nawo umatalika. Kuyang'ana kuphazi, ndavala mapatapata a mayi anga, ndipo sindinadabwe n'komwe.

Kenako ndili pamwamba, kabudula anakodwa mu waya. Ndinalendewera chadodolido, matako pamtunda, bwalo litadzaza. Abale inu! Bola akanandikuwiza, koma ayi, kunali zii. Masapota athu akale, omwe aja ankandinyamula pamapewa ndikagoletsa, anangokhala pang'oma zawo n'kumandiyang'ana. Pakati pa bwalo azimayi ankachapa mayunifolomu athu akale m'mabafa, osadzutsa mutu.

Ndiye ndinaona geti lili chitsegukire, bambo ataima pambali pake atavala jekete lawo lakutchalitchi. Anabwera pang'onopang'ono mpaka pansi pomwe ndinalendewerapo.

"Kondwani," anatero, "geti ili ndayamba kukutsegulira uli ndi mamina m'mphuno. Ndikwirirepo mankhwala ine, oti apweteke mwana wa ndani?"

Ndinafuna kunena kuti pepani ababa, ndi akochi atiuza, koma m'kamwa mwanga mumangotuluka kulira kwa wezulo. Ndikayesanso, wezulo. Bambo anavula jekete lija kuti andiphimbe, koma sanandifikire. Apo m'pamene ndinalakalaka pansi patang'ambika ndilowe.

Kenako kabudula anati kwee! Ndinadzidzimuka ndili pasimenti, bulangete lili uko, kuzizira kwa Mzuzu kukundilowa m'mafupa.

Tsono vuto ndi ili. Zolumpha mpandazo kochi ananenadi Lachiwiri kutireningi, ndipo anzanga onse anavomera. Ndikadzera pageti ndekha n'kugonja, adzati kaputeni wagulitsa gemu kwawo, ndipo kuno masapota sanayambe n'kutikhulupirira komwe. Ndikalumpha, ndilumpha bambo akuona.

Inu odziwa kumasulira maloto, tandiuzeni, amenewa akutanthauzanji? Iwe Chiko, zoti ndinadya kondowole wambiri usandiuze. Ndipo muyankhe msanga, chifukwa m'mawa uno bambo andiimbira foni, akusangalala ngati mwana. Akuti geti alipaka penti yatsopano kuti ndikalipeze lili bwino.