Njinga ya a Lumo

A Lumo anali wometa tsitsi. Dzinali anawapatsa ndi makasitomala, ndipo lenileni linaiwalika ngakhale kwa akazi awo. Kashopu kawo kanali ndi mpando umodzi, galasi long'aluka pakona ndi benchi ya odikira. Sabata yonse ankamvera nkhani za eni: za mpira, za mabanja, za matenda a apongozi. Iwo ankangoti “eya, eya,” makina akulira m'manja.

Likafika Lamulungu ankasowa. Ankatenga njinga yawo yofiira ya matayala onenepa n'kulowera kumapiri okhaokha, kutali kumene foni sigwira. Nyengo ya kumtima kwawo inali ija mitengo imayoyola masamba, kuthengo kuli zii, tinjira titakwiririka. Ankabwera madzulo miyendo ili mikwingwirima yokhayokha, koma nkhope ili mwee.

“Munthu wamkulu, ndevu zaimvi, kumathamanga m'tchire ngati mwana,” ankatero akazi awo. “Kapena kuli mnzanga kumapiriko?”

“Kulibe munthu kumeneko, mayi. N'chifukwa chake ndimapitako.”

Mawu amenewa mayiwo anawasunga.

Tsiku lina akutsetsereka, tayala lakutsogolo linalowa m'dzenje lobisika ndi masamba. A Lumo anauluka n'kukagwa chagada pamwala. Atati adzuke, miyendo inakana. Anakuwa mpaka mawu kusasa. Anawatola mawa lake ndi anthu odula mitengo, nyerere zitawalowa m'makutu.

Kuchipatala adokotala ananena mosapita m'mbali kuti msana wathyoka, sadzayendanso. Akazi awo sanagwetse msozi. Powasambitsa ankawatembenuza ngati thumba.

“Si paja mumafuna kopanda anthu? Aitaneni mapiri anuwo adzakusintheni zofunda.”

Atatuluka m'chipatala kunabwera alamu awo, achimwene a mayiwo, owotcherera zitsulo. Analowa akukankha chikuku, mano onse pamtunda.

“Alamu, mphatso yanu iyi. Yang'anitsitsani.”

A Lumo anayang'ana. Matayala anali a njinga yawo. Zitsulo zake anaziduladula ndi sowo n'kuzilumikiza mwachisawawa, utoto wofiira utapserera m'mfundo.

“Munkaikonda, eti? Ndiye muzikhalapo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Thokozani, nanga mwangoti duu bwanji?”

“Zikomo, alamu,” anatero a Lumo.

Anayesa kubwerera kuntchito, koma ali pachikuku manja sankafika pamutu pa munthu wamkulu. Makasitomala anayamba kudutsa pashopupo maso ali kwina. Anatsala ndi ana okhaokha, nawonso ankalira poona chikukucho. Kenako akazi awo anapereka kashopuko kwa wogulitsa mabatire, ndipo a Lumo anayamba kutandala pakhonde, akazi awo akawaiwala dzuwa n'kuwatentha mpaka kukhosi.

Chaka chitazungulira, masamba atayambanso kugwa, anapempha alamu awo kuti awakankhe mpaka kumapeto kwa msewu, akaone mapiri ndi maso okha.

“Palibe vuto, tiyeni kaulendo!”

Msewuwo unali wotsetsereka. Atafika pamene pamakhala anyamata osewera makadi, alamuwo anakuwa: “Taonani katswiri wa mapiri!” N'kuchotsa manja pachikukucho.

Chikuku chinathamanga. Mphepo inawawomba a Lumo kumaso, matayala akulira kulira kwake kwakale, ndipo mtima wawo unadumpha ngati wa munthu wamoyo. Koma chikukucho chinalibe mabuleki. Chinapotoka n'kukawakhuthulira m'ngalande ya madzi a zochapa.

Anyamata aja anaseka mpaka kugwirana. Alamuwo anatsika akupukuta misozi ya phwete, nayamba kuona ngati zitsulo zawo zapindika. Akazi awo a Lumo anafika pambuyo, n'kuima pamwamba pa ngalandeyo manja ali m'chiuno.

“Malaya amenewo ndachapa dzulo lomweli,” anatero. “Mugona nawo omwewo.”